Kalata kwa mdzukulu wanga: zidole za nyengo ya masika

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko, ndi anzako a kusukulu ya mkaka? Amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono, iwe utchere khutu.

Mvula yatha, chimanga chauma, anthu ali kalikiliki kukolola. Awa ndi masika. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi munda umapatsa akulu chakudya, ana n'kuwapatsa zoseweretsa: zitsononkho, makoko, ndevu za chimanga ndi mapesi. Ine ndimakonda chidole chopanga wekha kuposa chapulasitiki cha kusitolo, chifukwa manja ako amaphunzira kugwira, ndipo chikathyoka umangopanga china.

Tiyambe ndi mwana wa chitsononkho. Upeze chitsononkho chimodzi chouma, chosavunda, makoko 6, ndevu zodzaza kadzanja kako, ulusi kapena luzi, ndi kansanza ka chitenje. Makoko ouma amang'ambika ukawapinda, choncho uyambe wawaviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10, kenako uwapukute ndi nsalu.

Mbali yonenepa ya chitsononkho ndiyo mutu. Uikute ndi khoko limodzi loyera bwino, amayi amange ulusi pakhosi. Khoko lachiwiri ulipote likhale kachingwe, uligoneke chopingasa kumsana, amayi amange pachifuwa. Amenewo ndi manja. Makoko anayi otsalawo uwazunguze m'chiuno, nsonga ziloze pansi, ikhale siketi. Apa mpamene ntchito imaonongekera: makoko akamauma amafota, ndiye mfundo yothina lero mawa imakhwepa, siketi n'kuvuka. Uwapemphe amayi azunguze ulusi katatu ndi kumanga mfundo ziwiri. Ndevu uziike pamutu, zimangidwenso, likhale tsitsi.

Maso ndi pakamwa udikire mawa. Ukajambula ndi khala pakhoko lonyowa, makalawo amafalikira, nkhope yonse n'kuda bii. Kukacha, pakauma, lemba timadontho tiwiri ndi kamzere kamodzi. Kansanza kaja ndi mbereko. Mbereke mwana wako.

Tsopano ng'ombe yadongo, imene ndikufuna uipange mofatsa. Dothi la pabwalo silimagwirana. Dongo labwino ndi la kudambo kapena la pachulu, ndipo akakutapire ndi wamkulu. Uliyese chonchi: ulipote pakati pa zikhatho likhale kamsoseji, ukapinde pachala. Kakapindika osathyoka, ndi dongo lenileni. Tola timiyala ndi timizu tonse, chifukwa pamene pali kamwala mpamene ng'ombe imang'alukira. Pa manja atatu a dongo thira dzanja limodzi la mchenga wosalala. Dongo lokhalokha limafota kwambiri pouma, mchenga ndi umene umaligwira kuti lisang'ambike. Madzi uziwaza pang'onopang'ono uku ukukanya. Likamamatirira m'zala ndiye kuti madzi achuluka, uonjezere dongo louma.

Umba kampira kokula ngati dzira la nkhuku, ukatalikitse pang'ono likhale thupi. Miyendo, mutu, nyanga ndi linunda uzitsine kuchokera pathupi lomwelo. Usaumbe mwendo padera n'kuumata, umagwa ukauma. Miyendo ikhale yaifupi ndi yonenepa ngati chala chako chachikulu, poti yoonda siinyamula thupi. Ukamaliza, nyowetsa chala usalaze timing'alu tonse.

Ndikudziwa udzafuna kuiyanika padzuwa kuti iume msanga. Usatero, mdzukulu wanga. Dzuwa limaumitsa kunja m'kati mukadali monyowa, ndipo ng'ombe imang'aluka pamsana. Iike pakhonde pamthunzi, kutali ndi nkhuku, masiku atatu. Ikatuwa ndi kuleka kuzizira ukaigwira, ndiye kuti yauma. Dulani mapesi timitengo tatifupi, muzike pansi mozungulira, likhale khola lake.

Ukafuna chithunzi chopachika pakhoma, amayi akuphikire phala lomatira. Atenge supuni yaikulu imodzi ya ufa wa kondowole ndi theka la kapu ya madzi ozizira, atakase zisanapite pamoto. Ufa wothira m'madzi otentha umachita mibulu. Pamoto azitakasabe mpaka phala litananda ndi kuleka kuyera, kenako lizizire. Likagona masiku awiri limasasa, choncho asaphike lambiri. Jambula dzuwa kapena nsomba pakatoni, paka phala ndi chala, mata nthanga za maungu ndi masamba ouma. Nthanga zimagwira bwino chifukwa n'zaphwatalala, pamene nyemba zimagubuduka. Katoniyo igone pansi usiku wonse. Ukaiimika phala lisanaume, zonse zimatsetsereka.

Ana okulirapo amapanga magalasi ndi tigalimoto ta mapesi. Zimenezo uziona kaye. Khungu la phesi ndi lakuthwa, limacheka chala, ndiye kusenda ndi ntchito ya achimwene ako kapena amayi. Iwe akupatse cham'kati choyera chofewacho, uzibayamo timitengo.

Pali zina zimene ndikufuna uzimvetsetse ndithu. Usapise dzanja mumkukwe kapena pamulu wa mapesi uli wekha, mumabisala njoka ndi zinkhanira. Wamkulu ayambe wagwedeza ndi ndodo. M'mphepete mwa munda ukaona chomera choyanga cha makoko aubweya, thawa, ndi chitedze chimenecho, chimayabwa koopsa. Nsatsi ndi zokongola ndi mawangamawanga ake, koma ndi poizoni, usaseweretse. Chimodzimodzi chimanga cha m'thumba chothiridwa mankhwala a anankafumbwe, ndi mbewu yogula yopakidwa utoto. Ndipo kambewu kalikonse kasalowe m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu. Kakalowa m'mphuno usakakolowole ndi chala, kamapita m'kati. Uuze amayi nthawi yomweyo mupite kuchipatala. Mukatha kusewera, samba m'manja ndi sopo usanadye.

Ng'ombe ikauma, amayi aijambule pafoni anditumizire, undiuzenso dzina limene wamupatsa mwana wa chitsononkho. Upereke moni kwa abambo ako ndi onse pakhomopo.

Ndine agogo ako okukonda.