Mkaka ukatha musazimitse mbaula

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo pa maphikidwe amene timawerenga m'nyuzipepala ndi kumva pa wailesi. Pafupifupi onse amangoti thirani kapu imodzi ya mkaka, osanena kuti nanga amene alibe atani. Ine ndimapanga geni ya masikono ndi mandasi, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mkaka waufa sukugwirika, poti wambiri umachokera kunja. Wamadziwu nawo ukatsegula paketi madzulo magetsi n'kuzima usiku wonse, kukacha wasasa. Nde amayi ambiri akaona kuti mkaka watha amangoti basi lero sitiphika, fulawa ali pompo, shuga alipo, makala ayaka kale.

Mkaka ukatha tizidzifunsa kaye kuti mu chakudya chimenechi umakagwira ntchito yanji, chifukwa ntchito yake mu mandasi si yomwe imagwira mu chigumu kapena mu phala. Mkaka mbali yaikulu ndi madzi, pafupifupi 87 pa 100, kotsalako ndi mafuta, zomanga thupi ndi kashuga kake kachilengedwe. Choncho mu mandasi, zitumbuwa ndi masikono a baking powder, tengani kapu ya madzi, sungunulani supuni imodzi ya majarini kapena thiranimo mafuta ophikira pang'ono, kandani monga mwa masiku onse. Makasitomala anga sasiyanitsa, ndikunena zoona. Chimene chimasintha ndi khungu basi, sikono yamadzi imatuluka yotuwa poti kashuga ka mumkaka ndi kamene kamathandiza kufiiritsa pamwamba, nde pakani dzira lomenya musanaike mu uvuni, ngati dziralo palibe madzi a shuga amayesetsako.

Pamene anthu amagwa m'mbuna ndi pa soda. Chigumu, ena amati chikondamoyo, komanso makeke ena amafuna soda ndi chambiko, ndipo chambikocho sichili pamenepo chifukwa cha kukoma kokha ayi. Soda payekha satupitsa bwino, amafuna chinthu chowawasa kuti atulutse mpweya umene umakweza chigumucho. Mukangochotsa chambiko n'kuika madzi wamba mupeza chigumu chagwa pansi, chachikasu mkati, mkamwa mukumveka sopo, kenako muziti fulawa wake kapena mgaiwa wake ndi woipa pomwe vuto ndi soda amene wasowa mnzake. Finyirani mandimu supuni imodzi mu kapu ya madziyo, kapena viniga ngati alipo. Ine ndimakonda madzi a malambe, ndimaviika malambe m'madzi ofunda mpaka ufa wake utasungunuka, n'kusefa nthanga ndi ulusi uja, madziwo amakhala olemerera ndithu ndipo chigumu chake chimanunkhira mwina mwake. Mukaphatikiza ndi nthochi zakupsa kwambiri, zija zada makoko zimene ana akuzikana, chimafewa mpaka mawa. Koma mukasakaniza musachedwe kucheza pa mpanda, ikani pamoto nthawi yomweyo chifukwa mpweyawo umayamba kutuluka pompo. Baking powder alibe vuto limeneli, chowawasa chake anamuikiratu kufakitale.

Ndipo mkaka wafuleshi umene wangosasa kumene musamataye, umenewo ndi umene soda akufuna. Koma ngati wayamba kununkha zachilendo, kutamuka kapena kuwawa, makamaka wa long life uja ukaonongeka, tayani osaumira.

Ku phala nde sindikuonanso chodandaula. Agogo athu analera ana ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro popanda ng'ombe pakhomo, futali ndi nkhwani wotendera mafuta ake ndi a mtedza omwewo. Chachikulu sankhani mtedza musanasinje, wachuku, wonyala ndi wowawa chotsani, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene amaononga chiwindi ndipo kuphika sikumuchotsa.

Soya ndi amene tikumuchitira nkhanza. Alimi a ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Lilongwe amalima wambiri, timangogulitsa kwa mavenda kenako n'kukagula soya pieces m'golosale, pomwe mkaka uli mu soya yemwe tagulitsayo. Viikani kapu imodzi ya soya usiku wonse, m'mawa tikitani m'manja makoko ayandame muwataye, sinjani mu mtondo mpaka asalale, amene ali ndi blenda zawo zili bwino. Thirani makapu asanu kapena asanu ndi limodzi a madzi, sefani pa kansalu koyera n'kufinya mwamphamvu. Madzi oyerawo wiritsani mphindi 20 mukutakasa, ndipo musachoke pamoto chifukwa amachita thovu n'kusefukira mukangotembenuka kuti muyankhe foni. Kuwiritsaku si kwa mwambo chabe, soya wosapsa amasokoneza kugaya chakudya m'mimba komanso amanunkha chiwisi. Kamchere ndi kashuga pang'ono, basi mwapeza mkaka wa masikono, phala, ngakhale kasitadi. Zotsala pa kansalu zija sakanizani mu chigumu kapena kazingani ndi tomato ndi anyezi, ndi ndiwo. Paja Likuni Phala amene anayambira ku chipatala cha Likuni ndi chimanga ndi soya yemweyu, palibe chachilendo.

Anzathu a ku Karonga ndi Nkhata Bay ali ndi kokonati, amapala, kufinya m'madzi ofunda n'kuphikira mpunga wa Kilombero kapena nsomba. Kuno ku tauni kokonati ndi wodula kuposa mkakawo nde ndingodutsapo.

Pali malo ena pamene sindingakunamizeni kuti zimatheka. Kasitadi wamadzi okhaokha ndi chilango, bola kungodya nthochiyo payokha. Tiyi wothira nsinjiro ayi ndithu, imwani wopanda mkaka mufinyiremo ndimu. Nkhani ya Cremora ndi anzake a mu tiyi tiyeni timvetsetsane, werengani kuseri kwa paketi, ndi mafuta a zomera ndi shuga, amayeretsa tiyi ndipo mu sikono amathandizako pa kukoma, koma si mkaka ndipo mwana sangakule nawo. Apa ndikutsindika chifukwa ndimaona amayi ena akusungunulira khanda m'botolo poti ndi wotchipa. Zonse ndalemba pamwambazi ndi za mumphika. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha monga amanenera kusikelo, ndipo ngati pali chovuta pa kuyamwitsa pitani kuchipatala akakuuzeni chochita, osamupatsa mkaka wa soya wopanga pakhomo, wa mtedza, ngakhale wa ng'ombe womwe asanakwane chaka.

Sikuti ndikudana ndi mkaka akonzi, alimi a ng'ombe a ku Bvumbwe, Thyolo ndi Chiradzulu nawo akufuna msika, ndipo ndalama ikapezeka ndimagula, sikono yamkaka ndi yamkaka basi. Pempho langa ndi kwa amene amalemba tsamba la zophika, pansi pa maphikidwe aliwonse aziikapo mzere umodzi wonena kuti mkaka ukasowa tiike chani ndipo chochuluka bwanji, makamaka pamene pali soda. Komanso aziyeza ndi makapu ndi masupuni, ambirife tilibe sikelo ya magalamu kukhitchini.

Ine wanu,
Mayi wa geni ya masikono,
Chirimba, Blantyre