Mabuku a zinjoka ndi chibwenziwa ndimawakonda, koma imfa yatchipamo kwambiri

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mabuku a nthano amene atenga malo masiku anowa, awa osakaniza chikondi ndi matsenga, zinjoka ndi maufumu ongopeka amene anthu akuwatcha romantasy, komanso aja ofotokoza dziko limene boma lake lasanduka chilombo chodya anthu ake omwe. Ndikudziwa ena aziti kodi nkhani zatha, koma anthu akuwerenga mabukuwa modetsa nkhawa, makamaka atsikana ndi azimayi achichepere, ndiye sindikuona chifukwa choti tizingokhala duu ngati palibe chikuchitika. Ndichenjezeretu kuti ndiulula zina za mkati mwa nkhanizi, amene simunawerenge musadzandide.

Poyamba ndinene kuti ine sindili mgulu la anthu onyoza aja, oti akaona munthu wagwira buku lokhala ndi chinjoka pachikuto basi ayamba kale kuti zachibwana izi. Ayi. Munthu amene wasiya foni pansi nkumaliza masamba oposa 500 ndimamupatsa ulemu, olo nkhani yake ikhale yotani. Ndipo chodabwitsa nchoti foni yomweyo ndi imene yawabweretsa anthu ku mabukuwa, pa TikTok pali kagulu kotchedwa BookTok komwe munthu amangojambula kavidiyo akulira atakumbatira buku, mawa lake aliyense akulifuna. Buku la Sarah J. Maas lija, A Court of Thorns and Roses, linatuluka kale mu 2015 koma phokoso lenileni labwera patapita zaka chifukwa cha timavidiyo timeneti. Rebecca Yarros anatulutsa Fourth Wing mu 2023, pofika January 2025 buku lachitatu la nkhani yomweyo, Onyx Storm, linagulidwa makope 2.7 miliyoni sabata yoyamba yokha. Sizocheza zimenezo.

Fourth Wing inandigwira, sindinama. Mtsikana wake Violet ali ndi zaka 20, moyo wake onse amakonzekera kudzakhala mlembi wosunga mbiri ya dziko, kenako mayi ake omwe ndi mkulu wa asilikali angomulamula kuti iwe ukalowa sukulu ya okwera zinjoka, watha basi. Ndiye mwanayo thupi lake ndi lofooka, mafupa sachedwa kuthyoka, mfundo zimaguluka chisawawa, ndipo wolembayo naye ali ndi matenda a mtundu omwewo otchedwa Ehlers-Danlos nchifukwa chake mbali imeneyi imamveka yoona kwambiri. Mmene mtsikanayo amadzimangira bondo ndi nsalu mmawa ena asanadzuke kuti asamuone kufooka, mmene amapambanira ndewu ndi nzeru pothira timankhwala mzakudya za amene akukalimbana nawo popeza mphamvu alibe, apo ndiye ndinati eya, uyu ndi munthu weniweni. Tsiku loyamba lenilenilo ophunzira amayenera kuwoloka kamlatho kamiyala kopyapyala kali mmwamba zedi, mvula ikugwa mphepo ikuomba, ukaterereka kwako kwatha. Ndinawerenga chaputala chimenecho manja ali thukuta.

Koma vuto langa likuyambira pomwepo. Pasukulu imeneyi mmawa uliwonse amawerenga mayina a ophunzira amene afa, ndiye poyamba zimakuwawa koma ukafika pakati pa buku umapezeka kuti mayinawo ukungowadumpha, ukuthamangira kukaona ngati Violet ndi Xaden apsopsonane mchaputala chino kapena chamawa. Ndipo sindikuganiza kuti vuto ndi owerenga, bukulo linapangidwa choncho. Xaden ameneyu bambo ake anali mtsogoleri wa zigawenga ndipo anaphedwa ndi boma, ana a zigawengazo anawaika zizindikiro pathupi nkuwakakamiza kulowa sukulu yoopsayi kuti mwina akafere komweko, komanso boma likubisa chilungamo cha nkhondo imene ikuchitika kunja kwa malire mpakana linafufuta mbiri mmabuku. Tangoganizani, nkhani yolemera chonchi, ana kulangidwa chifukwa cha milandu ya makolo awo, mbiri ya dziko kusinthidwa ndi alembi a boma. Koma zonsezi zangokhala ngati chinsalu chija amapachika kumbuyo pojambula zithunzi, chilipo kuti awiriwo aoneke bwino basi. Nkhanza za boma ntchito yake yaikulu nkupangitsa kuti mnyamatayo akhale wolusa, wa zipsera kumsana, wosalankhulalankhula, kuti mtsikanayo amuope kaye kenako amufere.

Ndipo mnyamata ameneyu ndamupeza mmabuku ambiri a mtunduwu moti ndimatha kumujambula ndili chitsinzinire. Wamtali, tsitsi lakuda, maso oopsa, aliyense amanjenjemera naye koma kwa mtsikana mmodzi yekhayo ndi wofewa ngati khanda. Amayamba ngati adani, wina kulumbira kuti ndidzakupha, masamba 300 kutsogolo ali pachibwenzi cha moto. Zimakoma inde, sindikukana, koma penapake ndimadzifunsa kuti mwamuna wobisa zinthu, wokulondalonda kulikonse, woopseza aliyense amene wakuyang'ana, akanakhala wa mdziko lenileni tikanati nchikondi kapena tikanamuuza mnzathuyo kuti thawa msanga? Mbukumo amakhululukidwa chifukwa ali ndi chinjoka komanso mbiri yomvetsa chisoni.

China nchakuti mtsikanayo sakhala munthu wamba mpaka kumapeto. Violet amayamba wofooka, tonse tamukonda chifukwa cha zimenezo, kenako chinjoka champhamvu kwambiri chamusankha iyeyo, ndipo sichimodzi ayi ziwiri, zomwe sizinachitikepo, kenako ali ndi mphamvu ya mphezi. Aaa. Ndiye kufooka kuja kunali kwa chani? Zimakhala ngati wolemba akutiuza kuti boma lankhanza angaligwetse ndi munthu wobadwa mwapadera yekha, enafe ntchito yathu nkukhala mayina owerengedwa mmawa aja.

Chimene chinanditsegula maso pa kusiyanaku ndi buku la Suzanne Collins lotuluka mu March 2025, Sunrise on the Reaping. Amene munawerenga The Hunger Games ya 2008 ya wolemba yemweyu mukumukumbukira Haymitch, bambo chidakwa uja wophunzitsa ana opita ku mpikisano wophana. Bukuli likutibweza mmbuyo iye ali ndi zaka 16, chaka cha mpikisano wa nambala 50, pomwe boma linalamula kuti ana akhale 48 mmalo mwa 24 a nthawi zonse. Nalonso lili ndi chikondi, Haymitch ali ndi chibwenzi chake Lenore Dove ndipo amamukonda mpakana misala. Koma taonani kusiyana kwake. Tsiku losankha ana, dzina la Haymitch silinatuluke nkomwe, mnyamata amene anasankhidwa anayesa kuthawa nkuomberedwa pomwepo pamaso pa anthu, mchipwirikiticho Haymitch poteteza chibwenzi chakecho anangolozedwa kuti iwe ulowa mmalo mwake. Ndiye popeza zoonetsa pa TV zimachedwetsedwa ndi mphindi zingapo, akuluakuluwo achotsa mtembo, akonza malo, nkuyambiranso mwambo ngati palibe chachitika, dziko lonse likuonera zabodza. Apa chikondi sichimupulumutsa munthu, ndi chingwe chimene boma limamukokera. Timadziwa kale kuchokera mmabuku oyamba kuti mayi ake, mng'ono wake ndi mtsikanayo adzaphedwa iye atapambana, ndiye tsamba lililonse limene awiriwa akusangalala umawerenga mtima uli mmwamba. Collins ananena yekha kuti ganizo la bukuli analitenga kwa David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland wa zaka za mma 1700, amene ankadabwa kuti zimatheka bwanji anthu ochepa kulamulira chinamtindi cha anthu mosavuta chonchi. Ndipo funso limenelo limamveka mbuku lonse, bwanji anthu onsewa sakungowukira? Yankho lake silokoma, aliyense ali ndi wake amene akuopa kumutaya.

Sikuti bukuli lilibe zofooka. Penapake wolemba wachulutsa kubweretsa anthu a mmabuku akale kuti owerenga akuwe ndi chimwemwe, uyu watulukira apa, uyo watulukira apo, mpakana dziko lonse kumaoneka ngati muli anthu khumi okha. Koma ana akamafa mmenemo umawadziwa mayina ndipo sudumpha.

Limene linandisowetsa tulo kwenikweni ndi Prophet Song la Paul Lynch, linapata mphoto ya Booker mu 2023. Umu mulibe chinjoka, mulibe mphezi, mulibe mpikisano. Ndi mzinda wa Dublin ku Ireland, dziko loti tonse timaliona ngati lamtendere, ndiye boma layamba kusintha pang'onopang'ono. Mayi wina dzina lake Eilish, wasayansi, ana anayi, usiku wina apolisi achinsinsi awiri agogoda pakhomo kufunsa mwamuna wake Larry yemwe ndi mtsogoleri mu bungwe la aphunzitsi. Amalankhula mwaulemu bwinobwino, kungoti akabwera atiyimbire. Patapita masiku bamboyo wapita ku zionetsero osabweranso. Mchemwali wake wa mayiyu ali ku Canada akumuchonderera kuti tulukani mdzikomo zisanafike poipa, koma iye akuti ndichoka bwanji, nanga Larry akabwera apeza ndani, nanga bambo anga okalamba amene ayamba kuiwalaiwalawa ndiwasiyira ndani, nanga sukulu ya ana. Ine powerenga ndimafuna kumukuwira kuti mayi nyamukani, koma nthawi yomweyo ndikudziwa kuti zifukwa zakezo nzomveka zonse, palibe chopusa ngakhale chimodzi. Malo amene anandipweteka kwambiri ndi pomwe mwana wake wamwamuna wavulala ndi bomba, wagonekedwa kuchipatala, mmawa mayiyo apita kukamuona akuuzidwa kuti wasamutsidwa, ndiye ayamba kuzungulira chipatala ichi chipatala icho, pawindo lililonse munthu akuyang'ana mkaundula nkunena kuti dzina limeneli palibe, mpakana wina amuuza motsitsa mawu kuti kayang'aneni kosungira mitembo. Imfa imodzi yokha imeneyo inandilemera kuposa mayina onse a pasukulu ya zinjoka ija kuwaphatikiza pamodzi.

Ndivomereze kuti bukuli ndi lovuta kuwerenga, wolembayo sadula ndime, mawu amangoyenderera tsamba lonse popanda popumira ndipo zolankhula za anthu sazipatula, ena limawatopetsa nkulisiya panjira ndipo sindiwadzudzula. Lynch ananena kuti ankaganizira za nkhondo ya ku Syria ndi anthu othawa kwawo amene maiko olemera amawayang'ana ngati chiwerengero chabe. Wolemba wina Margaret Atwood naye pa nkhani yake The Handmaid's Tale ya 1985 ankati sanaikemo nkhanza iliyonse imene sinachitikepo penapake mmbiri ya anthu. Mwina ndi chimene chimasiyanitsa, enawa nkhanza amazitenga kwa anthu enieni pomwe anzathu a zinjokawa amazitenga mmabuku ena.

Wina anena kuti ukufananiza zinthu zosiyana, munthu akagula buku la chibwenzi akufuna kupuma, sakufuna kulira maliro a dziko. Ndikumva ndipo nane pali masiku amene mutu wanga sufuna zolemera, ndimangofuna awiri aja akangane kenako agwirizane, basi. Koma ngati ndi choncho bwanji osangolemba chibwenzicho ndi zinjoka zakezo, nkusiya kubwereka misasa ya akaidi, kuzunza anthu mzipinda zamdima ndi kupha ana? Wolemba akasankha yekha kuika zimenezi mnkhani ndiye watenga ngongole, aziyenera kuzipatsa kulemera kwake. Sizoona kuti chaputala chino mnzako wapamtima wafera mmanja mwako, chaputala chinacho nkhawa yaikulu ndi yoti mnyamata uja sakundiuza zakukhosi kwake. Komanso nkhanizi sizitha, buku lililonse limathera pakati pa ngozi kuti ugule linalo, Yarros akuti ake adzakwana asanu ndiye tidikirabe.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mutipatseko kadanga munyuzi muno kounikira mabuku oterewa, olo kamodzi pamwezi, ndipo wounikayo azinena poyera kuti buku ili ndi la msinkhu wanji. Makolo ambiri akaona chinjoka kapena duwa pachikuto amangoti ndi nthano za ana, pomwe Fourth Wing ndi mabuku ambiri a Maas muli zakuchipinda zofotokozedwa mosabisa mawu ndipo analembera akuluakulu. Sunrise on the Reaping analembera achinyamata koma imfa zake nzoopsa, mwana wa zaka 11 kapena 12 ndi bwino wamkulu ayambe waliwerenga kaye. Ndipo ngati alipo wina amene wamaliza Onyx Storm nkuona kuti za boma lobisa mbiri zija zayamba kutengedwa mozama kusiyana ndi mmene ndanenera pano, alembe andiyankhe munyuzi momwe muno, ndiwerenga.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu nthawi zonse