Dandaulo pa graphics card yomwe ikutentha ndi kuthimitsa kompyuta

Nchalo,
Chikwawa.

Kwa Bwana Manijala,
Nthambi yogulitsa zipangizo za kompyuta,
Blantyre.

Bwana,

Ndikulemba kalatayi chifukwa cha graphics card (khadi yomwe imatulutsa zithunzi pa sikilini ya kompyuta) ya RX 580 ya 8GB yomwe ndinagula kusitolo kwanu. Munandigulitsa ngati yatsopano, ndipo pa lisiti munalembapo waranti ya miyezi 12. Khadiyi sinagwirepo ntchito bwino chiyigulireni. Imatentha kwambiri munthu akangoyamba kusewera gemu, kenako kompyuta imathima. Ndayesa kudandaula pakamwa ndi pa foni koma palibe chomwe chachitika, n'chifukwa chake ndaganiza zolembera inu amene muli ndi mphamvu yothetsa nkhaniyi.

Ine ndili ndi kashopu pamsika wa Nchalo, kufupi ndi msewu wa M1, komwe achinyamata amalipira kuti asewere magemu a mpira ndi a mpikisano wa magalimoto pa kompyuta. Masana kumabwera ana akaweruka kusukulu, ndipo kumapeto kwa mwezi kumadzaza anyamata ogwira ntchito m'minda ya nzimbe. Banja langa limadya kuchokera pamenepo. Khadiyi ndinaigula kuti ndionjezere kompyuta ina, anthu asamadikire nthawi yaitali pabenchi.

Zomwe zimachitika ndi izi. Kompyuta ikangoyatsidwa, munthu n'kumalemba kapena kuonera kanema, zonse zimaoneka bwino. Gemu ikayamba, pasanathe mphindi khumi fani imodzi ya khadiyi imayamba kulira mokwetekweta, inzake n'kumaima ndi kuyambiranso payokha. Osewera pa sikilini amayamba kudumphadumpha, mpira osaoneka komwe wapita. Kenako pamabwera timabokosi tobiriwira ndi timizere tofiirira todutsa pakati pa bwalo, mawu n'kumangobwereza pamodzimodzi, basi sikilini yada bii. Nthawi zina kompyuta imadziyatsanso yokha, nthawi zina imangokhala chete mpaka uithimitse pabatani. Ukayandikitsa dzanja kuseri kwa khadiyi sungapirire, ndipo m'bokosi mumatuluka fungo la pulasitiki wopsa. Pulogalamu yoonera kutentha imasonyeza kuti ikadutsa madigiri 90 m'pamene zonsezi zimayamba.

Nditabwera nayo kusitolo kwanu, mnyamata wa pa kauntala anangomva kuti ndachokera ku Nchalo n'kundiuza kuti vuto ndi kutentha kwa kwathu, ndipo waranti sikhudza zimenezo. Yankho limeneli ndi lomwe landiwawa kwambiri, choncho ndilolereni ndikhalepo pang'ono.

Zoti kuno ku chigwa cha Shire kumatentha palibe angatsutse. Mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, nthawi zina kupitirira, kuyambira ku Chikwawa, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Ife timakhala momwemo, ndipo aliyense wochita bizinesi ya makompyuta kuno amadziwa kusamala. Shopu yanga ili ndi siling'i, muli mafani awiri akuluakulu, makompyuta ndinawaika pamwamba pa matebulo kuti asamakoke fumbi la pansi, ndipo ndimawapemerera fumbi kawirikawiri. Ndikudziwanso kuti chipinda chikatentha, khadi nayo imakwera ndi madigiri ofanana ndi omwe chipindacho chakwera. Koma m'chipinda chomwecho muli kompyuta ina yomwe ilinso ndi RX 580, yomwe ndinagula kwina kale. Imasewera gemu yomweyo, masana omwewo a dzuwa loswa mtengo, kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo sifika madigiri 80. Ndinasinthanitsa makhadi awiriwa kuti ndione ngati vuto lili m'kompyuta. Khadi yanu inakathimitsanso kompyuta yabwino ija, pomwe khadi yakale inagwira ntchito bwinobwino m'bokosi latsopano. Ngati dzuwa la ku Nchalo ndilo lolakwa, bwanji likusankha khadi imodzi yokha?

Komanso tsiku logula ndinanena poyera kuti khadiyi ikupita ku Nchalo kukagwira ntchito m'shopu ya magemu. Dzina la deralo lili pa lisiti yomwe munalemba nokha. Palibe amene anandichenjeza kuti waranti yanu imathera pamwamba pa mapiri otsikira ku Chikwawa. Ndalama ya munthu wa kumunsi kuno munailandira mofanana ndi ya munthu wa ku Namiwawa, ndiye ndikuyembekeza kuti ndithandizidwe mofanananso.

Atalephera pa nkhani ya kutentha, anzanuwo anati mwina ndi magetsi othimathima. Makompyuta anga onse amadutsa pa UPS, kachipangizo kokhala ndi batire komwe kamawateteza magetsi akathima. Power supply (chipangizo chopereka magetsi m'kompyuta) ya kompyutayi ndi ya 550W, pomwe opanga RX 580 amalangiza 500W. Khadi yoonongeka ndi magetsi sikhala bwino ukamalemba n'kumadikira kuti itenthe kaye ndiye ithime.

Ndinaitana m'misiri wokonza makompyuta kuti aione. Ndinamuuza kuti asamasule kanthu kalikonse poopa kuti mungadzanene kuti ndaononga waranti, ndipo sanamasuledi. Anangoyang'ana ndi tochi. Anandionetsa kuti kapepala kotseka pa sikuluu imodzi kanali koboola kale, ndipo mitu ya masikuluu ndi yoperepeseka ngati yomwe yamasulidwapo kangapo. Kuseri kwa bolodi, pomwe pamakhala tchipi ndi memory, mtundu unasintha n'kuchita chikasu. Mkatikati mwa timalata toziziritsira muli fumbi lakuda lomatirira, losiyana kotheratu ndi fumbi lotuwa la kuno lomwe limachoka ukangouzira. Iye anati zizindikiro zimenezi zimaoneka pa khadi yomwe yakhala ikutentha usana ndi usiku kwa nthawi yaitali, ndipo phala lomwe amapaka pakati pa tchipi ndi chitsulo choziziritsira, lija amati thermal paste, liyenera kuti linauma kalekale. Likauma, kutentha sikutuluka ngakhale fani izungulire bwanji.

Chinanso tinachiona pa pulogalamu ya GPU-Z, yomwe imaonetsa tsatanetsatane wa khadi. RX 580 yeniyeni imakhala ndi ma shader (tizigawo ta m'tchipi tokonza zithunzi) 2304, ndipo khadi yanga yakale ikusonyeza nambala imeneyo. Yanu ikusonyeza 2048. Imeneyi ndi ya mtundu wotsikirapo womwe umatchedwa RX 580 2048SP, womwe mphamvu zake ndi zofanana ndi RX 570. Pa bokosi ndi pa lisiti sipanalembedwe zimenezo, ndipo mtengo womwe ndinalipira ndi wa khadi yonse. Taganizani, Bwana, khadi yanga yakale ija ndiyo imadya magetsi ambiri, ndiyo inayenera kutentha kuposa inzake, koma zikuchitika mosemphana.

Inu amene muli pa malonda amenewa mukudziwa mbiri ya makhadiwa kuposa ine. RX 580 inatuluka mu 2017, ndipo anthu ambiri kunja anaigula yochuluka kuti azikumbira ndalama za pa intaneti za Ethereum. Makhadiwo ankayaka osapuma kwa zaka. Mu Seputembala 2022 Ethereum inasiya njira yokumba ndi ma graphics card, ndipo makhadi otopawo anakhuthukira pamsika. Ena anatsukidwa, kuvekedwa mafani ndi zikuto zatsopano, n'kuikidwa m'mabokosi onyezimira. Sindikunena kuti inu munachita dala. Mwina amene amakuodetsani katundu ndiye anakugwiritsani fuwa lamoto. Koma imeneyo ndi nkhani ya inu ndi iyeyo. Ine ndinagula kwa inu, ndipo mawu oti "yatsopano" ndinawamva kwa wantchito wanu. Mukanandiuza kuti ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndikanaganiza ndekha zogula pa mtengo wotsika kapena kuisiya.

Za momwe ndalandiridwira ndinena mwachidule. Khadiyi ndinaisiya kwa amisiri anu, ndipo pokaitenga ndinauzidwa kuti aiyesa ndipo ilibe vuto. Nditafunsa kuti aiyesa bwanji, anati anailumikiza, kompyuta inayaka, chithunzi chinaoneka. Vuto lomwe ndinawafotokozera limabwera gemu ikamaseweredwa, ndiye kuyesa kotereku sikungaonetse kanthu. Chichokereni kumeneko foni yanga imayankhidwa ndi mawu oti abwana atuluka, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amawerengedwa koma osayankhidwa. Ulendo wochoka ku Nchalo kukwera mapiri kufika ku Blantyre n'kubwerera ndi wa tsiku lathunthu, shopu imakhala yotseka, ndipo thiransipoti ya minibasi masiku ano mukuidziwa.

Pakadali pano kompyuta yatsopano ija yangokhala pakona yovindikira ndi nsalu. Isanaime, ndinkabweza ndalama kwa makasitomala gemu ikathima pakati, ndipo ana ena anayamba kuuzana kuti ku shopu kwanga makina ndi akufa. Mbiri yotere pamsika waung'ono ngati wathu imayenda msanga. Ndalama yogulira khadiyi ndinabwereka ku banki m'khonde, ndipo anzanga a m'gulumo akuyembekeza kuti ndizibweza mwezi ndi mwezi, khadi igwire kapena isagwire.

Pempho langa ndi loti mundipatse khadi ina yatsopanodi, ya mtundu womwe ndinalipira, yomwe tidzaiyese pamodzi kusitolo kwanu ndi gemu kwa ola lathunthu, tonse tikuona kutentha kwake ndi nambala ya ma shader. Ngati mulibe, mundibwezere ndalama zanga zonse. Sindilola zoti khadi yomweyi ingopakidwa phala latsopano n'kubwerera kwa ine, chifukwa timabokosi tija tikusonyeza kuti mkati mwaonongeka kale. Ndikupemphanso kuti muone makhadi ena a mtunduwu omwe atsala pashelefu panu asanagulitsidwe kwa munthu wina.

Ndidikira yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi. Likapanda kubwera, ndikatula nkhaniyi ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, poti lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kunamiza wogula za katundu. Sindikufuna kuti tifike kumeneko, chifukwa ndikufunabe kumagula zipangizo kwa inu. Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza kope la lisiti, zithunzi za kuseri kwa khadi ndi masikuluu, zithunzi za GPU-Z za makhadi onse awiri, ndi kanema woonetsa sikilini ikuthima. Khadiyo ili m'bokosi lake, ndipo ndibwera nayo tsiku lomwe mundiuze.

Ine kasitomala wanu,
Mwini shopu ya magemu,
Nchalo.