Za opaleshoni ya kummero ukuizengerezayo

Mwana wanga,

Mchemwali wako wandiuza kuti tsiku la opaleshoni walisunthanso. Sindikubisira, zandiwawa. Ulendo watha uja ndinkakuyang'ana ukudya: kachakudya pang'ono, madzi kapu yathunthu kuti katsike, kenako kudzigogoda pachifuwa poganiza kuti sindikuona. Lamba wakoyo wabowolanso pena.

Nthenda ya kummero ya achalasia anakupeza nayoyo siitha yokha. Mnofu wa kumunsi kwa mmero, polowera m'chifu, ukukana kumasuka ukameza, ndiye chakudya chimangounjikana pamwamba pake. Zikapitirira zaka, mmero umafutukuka ngati thumba, ndipo pamenepo ntchito ya madokotala imakula.

Ndikudziwa chikukuopsa: chipsera chachitali chija cha pamimba pa bambo ako. Iwe sakung'amba choncho ayi. Njira yodula mnofu woumawo anaiyamba Ernst Heller mu 1913, koma masiku ano amangoboola timabala tinayi kapena tisanu, ta pafupifupi sentimita imodzi, n'kulowetsa kamera ndi tizipangizo titalititali. M'mimbamo amapoperamo mpweya wa carbon dioxide kuti aone bwino, choncho ukadzuka phewa likuwawa usadabwe, ndi mpweyawo, zimatha m'masiku ochepa.

Iliponso njira ina, POEM, imene Haruhiro Inoue anayamba ku Japan mu 2008. Imeneyi amadula mnofu womwewo podzera pakamwa, pakhungu osasiya bala. Ndikukudziwa iwe, uthamangira yomweyo chifukwa cha khungu losalala. Koma ukafunse kaye za chilungulira. Mnofu uja akaudula, asidi wa m'chifu amapeza njira yokwerera kummero, ndipo ambiri ochitidwa POEM amavutika nacho. Pa opaleshoni ya Heller nthawi zambiri amapinda mbali ya chifu kukutira pamalopo kuti asidiyo asamakwere. Ukawafunsenso adokotalawo, mosachita manyazi, kuti opaleshoni ya mtundu umenewu aichitapo kangati.

Tsono timabala tating'onoto tisakupusitse, m'katimo adula ndithu. Akati zamadzimadzi zokha, zikhale zamadzimadzi. Zofewa zibwere iwo akanena, osati iwe ukamva njala. Zolemera osanyamula. Thupi likatentha, pachifuwa pakamawawa kwambiri, kapena ukamabanika, ubwerere kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Aimbire adokotala mawa m'mawa upatsidwe tsiku lina, undiuze. Ndibwera kudzakhala nawe sabata ziwiri zoyambazo, ndipo usayambe zonena kuti ndisavutike.

Ndine,
Mayi ako