Digiri yanga ya kompyuta yakagwira ntchito ku banki mkhonde

Akonzi,

Mundilole ndilankhuleko ndi anzanga amene tinaphunzira za kompyuta koma pano tili kwathu, digiri ili mu sutikesi pansi pa bedi. Ine ndinamaliza computer science mu 2022, zaka zinayi za Java (chilankhulo cholembera mapulogalamu), ma database (mosungira deta mu kompyuta) ndi masamu ozunguza mutu, ndipo pobwerera kuno ku Salima ndimaganiza kuti ndi za mwezi umodzi basi kenako andiitana ku Lilongwe. Ma CV ndinatumiza osawerengeka, ena akuti tikufuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka zisanu, nanga zaka zisanuzo ndikazigula kuti, ena zii mpaka lero. Ku intavyu ndinapita kawiri, ya minibasi yochita kubwereka.

Kuno anthu akamva zoti unaphunzira kompyuta amabwera ndi foni yosweka sikirini, kapena uwatsegulire Facebook imene anaiwala pasiwedi. Pa Kamuzu Road ndinafika potchuka ngati mnyamata woika nyimbo mu memori. Batire ya laputopu inafa, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinangosiya kufunsa mitengo. Miyezi ingapo sindinalembe code ngakhale mzere umodzi, kudzuka, tiyi, kuyang'ana anzanga pa LinkedIn akulengeza kuti ayamba ntchito, kwinaku ngongole ya sukulu ikundidikira. Wina aziti ulesi, koma mtima ukagwa ngakhale kutsegula laputopu kumalemera ngati thumba la simenti.

Amene anandidzutsa ndi azakhali anga. Iwowa amapikula usipa ku Senga Bay, kuyanika pa thandala nkumagulitsa, komanso ndi mlembi wa banki mkhonde ya azimayi 24. Disembala ameneyo, kutatsala masiku ochepa kuti agawane, denga linadontha ndipo kope la gulu linanyowa, inki yonse kumwazika, masamba kumatana. Kunali phokoso abale, wina akuti ndinabweza ngongole, wina akuti masheya anga ndi ochuluka kuposa apa, azakhali kutsala pang'ono kutchedwa akuba. Ndiye anandiimbira, "Iwe mwana wa achimwene, si unaphunzira masamu a makina iwe? Tabwera utiwerengere tisanamenyane kuno." Ndinapita monyinyirika. Tinakhala pa mkeka masiku atatu kufananitsa timabuku ta aliyense ndi zotsalira za kope lija mpaka ndalama ya m'bokosi inagwirizana ndi ya papepala.

Pobwerera kunyumba mutu unayamba kugwira ntchito wokha. Masheya, ngongole, chiwongoladzanja, thumba la ngozi, chindapusa cha ochedwa ku msonkhano, zonsezi ndi matebulo a database omwe aja tinkajambula m'kalasi tikuwodzera. Ndinabwereka chaja ndi kulumikiza laputopu ku magetsi mosachotsa, akazima nanenso ndazima, koma mu masabata atatu ndinali ndi kapulogalamu ka pa Android kosunga zonse mu database ya SQLite pa foni pomwepo, kosafuna intaneti, chifukwa bandulo sungauze mayi wogulitsa usipa kuti azigula sabata iliyonse.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi. Ndinalemba zonse m'Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono, azakhali anangoyang'ana nkundibwezera foni, "Izi uziwerenga wekha mwanawe." Kenako vuto lina, mgululi muli a Nabanda atatu, ndipo ine mwaulesi ndinasiyanitsa anthu ndi dzina lokha, ngongole ya a Nabanda a kuseri kwa tchalitchi inakagwera a Nabanda ogulitsa mandasi. Mayiwo anaimirira chitenje kumanga m'chiuno. Aphunzitsi athu ankalira ndi nkhani ya primary key, nambala yosiyanitsa aliyense ndi mnzake mu database, chaka chachiwiri, ine ndinakhoza mayeso ake bwinobwino, koma ndinaimvetsa tsiku limenelo pa mkeka. Pano aliyense ali ndi nambala ya kabuku kake ndi chithunzi, mawu onse ndi Chichewa, batani likuti "wabweza" lina "wagula sheya", ndipo msonkhano ukatha fayilo imapita pa WhatsApp kwa wapampando ndi msungichuma kuti foni ikagwera m'nyanja zinthu zisatayike. Kope sitinalitaye ayi, azimayi anakana, ndipo ndikuona kuti ankanena zoona.

Musaganize kuti ndalemera. Magulu asanu ndi amene akugwiritsa ntchito, amandipatsa kangachepe akamagawana, nthawi zina ndiwo za usipa. Ntchito ndikuifunabe ndipo ma CV ndikutumizabe, kusiyana kwake pano ndili ndi choonetsa, komanso m'mawa ndimadzuka ndikudziwa kuti pali cholakwika china choti ndikonze Lachisanu lisanafike.

Chimene chimandiwawa ndi choti tinaphunzitsidwa kuyang'ana ku Lilongwe ndi Blantyre kokha, ngati kuti mavuto ofuna kompyuta amakhala mu maofesi a ma AC. Chikhalirecho makina olembetsera odwala pongokhudza sikirini ndi chala amene a bungwe la Baobab Health anayamba nawo pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001 anatheka chifukwa anthu anayang'ana mmene kalaliki ndi namwino wa kuno amagwirira ntchito, ndi kuti magetsi amathima. Kuno ku Salima tili ndi sola ya mamegawati 60 ku Nanjoka, fakitale ya shuga, minda ya mango, mpunga wa ku Lifuwu, ndipo paliponsepo pali wina akulemba manambala mu kope lomwe tsiku lina lidzanyowa. Ndiye pempho langa kwa makhonsolo, makopaletivi ndi mabungwe ogwira ntchito m'maboma, mukafuna kapulogalamu kapena wokonza deta yanu tayambani mwafunsa ngati m'boma momwemo mulibe mwana amene anaphunzira zimenezi, tilipo ambiri, tikuika nyimbo mu memori.

Sabata yatha mkulu wina wa mabwato anandipeza, akufuna njira yolembera mafuta a injini ndi gawo la alovi ake asanapite ku chilumba cha Mbenji nyengo yopha nsomba kumeneko ikatsegulidwa mu Epulo. Ndamuuza kuti ndipita kaye kudoko ndikaone mmene amagawirana, ndipo ndayamba ndafunsa ngati pa alovi akewo palibe a Phiri awiri.

Wophunzira za kompyuta,
Kamuzu Road, Salima