Galimoto zogonamo zikutipeza tisanakonzeke

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi amakaniko anzanga a muno mu Zomba, komanso aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja, pa nkhani ya galimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Mvula ikangokata, kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Okutobala, galimoto zogonamozi zimadutsa pa M3 kuchokera ku Blantyre kulowera ku Liwonde ndi ku Mangochi, ndipo zambiri zimakhotera kuphiri kukagona ku Ku Chawe. Zina zimakhala ndi nambala za ku South Africa, zina za ku Germany kapena ku Netherlands, chiongolero chili kumanzere. Zikadwala zimabwera m'magalaja mwathu, ndipo ine ndikuona kuti zikutipeza tisanakonzeke.

Injini si imene imavuta kwenikweni. Land Cruiser ya injini ya 1HZ kapena Hilux, mwana aliyense amene wagwirako sipanala kwa Chinamwali amaidziwa. Chovuta ndi nyumba imene yasenzedwa kumbuyoko. Tangoganizani nyumba yanu, makabati, mapaipi, mawaya ndi mbale zomwe, itakwezedwa pa lole n'kumayenda nayo mumsewu wafumbi wopita ku Kachulu. Sikuluu iliyonse imamasuka, paipi iliyonse imakhwepa polumikizira, waya aliyense amakhulana ndi chitsulo mpaka kusupuka. Mwini wake amakonza ichi lero, mawa chathyoka china, ndipo sikuti ndi wosasamala ayi. Ndi mmene galimoto zimenezi zilili.

Zoseketsa sizisowa pa ntchitoyi. Kunabwera bambo ndi mayi achikulire a ku Germany ndi Iveco Daily, akudandaula kuti chinachake chikugogoda kunsi akamakwera mahampu. Nkhope zawo zinali zakugwa poganiza kuti ulendo wathera pompano. Tinaikweza pa jeke, tinagwedeza matayala, tinaona mashoko, mabushi ndi masipuling'i, zonse zili bwinobwino. Ndiye ndinauza mnyamata wanga wophunzira ntchito kuti agone chafufumimba pansi m'kati mwa nyumbamo, khutu lili pa thabwa, bamboyo akuyendetsa pang'onopang'ono. Atangokwera hampu yoyamba mnyamata uja anakuwa kuti imani. Kunsi kwa bedi, kuseri kwa thanki ya madzi, kunali mvuu yosema ya mtengo wolemera, ikugubuduzika uku ndi uku. Bamboyo anaigula ku Liwonde n'kuibisa kuti adzapatse akazi awo pa tsiku lawo lobadwa, kenako n'kuiwala. Mayi aja anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala lakutha, misozi ili chuchuchu, mvuu ija ataifungatira. Ndinangowalipiritsa ya jeke basi. Koma taganizani akanapeza munthu wothamangira kumasula: akanagula mashoko anayi atsopano, mvuu ikugogodabe.

Tsiku lina galimoto ina yogonamo yoyera, ya sola padenga, itaima pafupi ndi msika, amayi awiri anabwera ndi makanda kumbuyo kudzafunsa ngati sikelo yayamba.

Pamene ndikudera nkhawa ndi pa magetsi. Galimoto yogonamo imakhala ndi mabatire a mitundu iwiri: lolizira injini, ndi la m'nyumba loyendetsa filiji, magetsi owunikira ndi pampu ya madzi. La m'nyumbali limadzazidwa ndi sola, ndi olitaneta (kajenereta ka pa injini) kudzera pa kabokosi kapadera, kapena ndi magetsi a 230 volts akaima pamalo ogona. Masiku ano ambiri aika mabatire a lithium, amene safuna kulumikizidwa chisawawa ku olitaneta kapena kutchajidwa ndi tchaja chathu chakale cha m'galaja. Anthu amapeputsa 12 volts poti sigwira munthu. Komatu inveta ya 2,000 watts, imene imasintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, ikamagwira ntchito mokwanira imakoka ma amps opitirira 160 kuchokera ku batire, ndipo waya wowonda amafiira ngati khala.

Ndinalandirako Fiat Ducato imene fyuzi yake yaikulu inkangopsa. Kumene anadzera, wina anaichotsa n'kumangapo waya wa kopa kuti "isavutenso". Nditatsegula pansi pa mpando ndinapeza pulasitiki ya mawaya itasungunuka, thabwa litada bii, ndipo kuseri kwa thabwalo kunali silinda ya gasi. Pamwamba pake ndi pamene pankagona mwana wamng'ono wa eni galimotoyo. Vuto lenileni linali waya mmodzi amene anasupuka podutsa pa chitsulo popanda labala, ntchito ya ola limodzi kwa munthu wodziwa kugwiritsa ntchito mita. Fyuzi ikamapsa imakhala ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Anzanga, tisamaitseke pakamwa.

Filiji nayo ili ndi nkhani yake. Zambiri za m'galimoto za ku Ulaya zilibe kompuresa. Zimazizira ndi amoniya amene amazungulira m'mapaipi akatenthedwa ndi gasi kapena magetsi, ndipo zimafuna galimoto iime mowongoka. Kuphiri kuja malo athyathyathya ndi osowa. Munthu amagona galimoto itapendekeka, m'mawa nyama yafunda, n'kutsika ali ndi chikhulupiriro chonse kuti filiji yafa. Mukaiimika pa simenti yowongoka n'kudikira maola angapo, imayambanso yokha. Musayerekeze kuiboola kuti muthiremo gasi ngati ya kunyumba, amoniya amawononga maso ndi mapapo.

Za madzi ndingodutsamo mwachidule. Pampu ikamalira yokha usiku, trrr, kenako zii, kenako trrr, mipope yonse ili yotseka, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo pansi pa pulayiwudi pakuwola mwakachetechete. Denga likamadontha pa windo la pamwamba, silikoni ya m'hadiweya siigwira nthawi yaitali pa galimoto yogwedezeka. Pamafunika kupala zakale zonse n'kumata ndi zomatira za polyurethane, monga Sikaflex. Chiperoni cha kuno chimaulula msanga ntchito yachinyengo.

Koma mabuleki ndiwo akhoza kupha anthu. Tauni yathu ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga za phiri zimapitirira mamita 2,000, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota. Zambiri mwa galimotozi zimalemera matani 3.5 zikadzaza madzi, gasi ndi katundu, zina kuposa apo. Woyendetsa akamatsika phazi lili pa buleki njira yonse, amafika kumunsi matayala akufuka, fungo lake kumveka patali. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akakhalitsa, ndipo akatentha kwambiri amawira, buleki n'kungolowa pansi osagwira. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Aliyense wobwera pagalaja panga akupita kuphiri ndimamuuza kuti potsika agwiritse giya yachiwiri, pena yoyamba, injini ndiyo izigwira galimoto. Ndipo inu anyamata okonda kuthandiza, musamathire madzi pa madisiki otentha, amapindika kapena kung'aluka. Asiyeni azizire okha.

Galimoto zatsopano zotsata malamulo a utsi a ku Ulaya otchedwa Euro 6, monga Mercedes Sprinter ndi Ducato za zaka zino, zili ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF komanso thanki ya AdBlue, mankhwala amadzi ochepetsa poizoni mu utsi. Sensa imodzi ikanama, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini, galimoto n'kumakwawa pa chitunda chimene njinga ya kabaza ikukwera. Popanda makina owerengera kompyuta mungamasule injini yonse osapeza kanthu. Mukachipeza chovutacho, sipeya yake mu Zomba mulibe, kawirikawiri ngakhale ku Limbe, ndiye kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku Ulaya n'kumadikira masabata.

Kudikirako ndiye kumasiyanitsa ntchitoyi ndi ina iliyonse. Mwini minibasi amasiya galimoto n'kupita kwawo. Uyu kwawo ndi m'galimoto momwemo. Amagona m'galaja mwanu galimoto ili pa majeke, amayanika zovala pa chingwe pakati pa magalimoto akufa, m'mawa mukamafika mumamupeza akuwiritsa khofi, akukufunsani ndi maso ngati katundu wafika. Masiku oyamba amakhala wokwiya, amawerenga mabuku a galimoto yake n'kumakutsutsani chilichonse. Pofika sabata yachiwiri amakhala atadziwa mtengo wa tomato mumsika, akudya nafe nsima ya matemba a ku Chilwa, akupatsira anyamata masipanala. Banja lina linachoka mayi wake akudziwa kupotera nsima, ataphunzitsidwa ndi mayi a kunyumba kwanga. Ine anyamata anga ndinawalamula kuti asanalowe m'galimoto yotere aziodira, azivula nsapato ndi kusamba m'manja, chifukwa akulowa kuchipinda kwa eni ake. Chala cha girisi pa pilo chimapweteka mtima kuposa bilu.

Tisaiwalenso kuti anthu amenewa amauzana. Ali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa iOverlander, mmene amalembamo malo ogona, potunga madzi ndi magalaja, n'kufotokoza mmene anawalandirira. Galaja imodzi ikawabera mtengo poona khungu, kapena ikawaikira sipeya yabodza, amene ali ku Songwe kapena ku Mwanza amawerenga tsiku lomwelo. Akaganiza zongodutsa osaima, woluza si makaniko yekha. Ndi mnyamata wogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu wa kuphiri, ndi wosema ziboliboli, ndi woperekeza alendo ku Chingwe's Hole.

Pempho langa kwa amakaniko anzanga n'lakuti tikakumana ndi chimene sitikuchidziwa, tiziitanizana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo galimoto iyi imafuna makaniko, wamagetsi, pulambala ndi kalipentala pa ntchito imodzi. Kunena kuti "izi ndiitane mnzanga" sikuchotsa ulemu.

Kwa a TEVETA ndi sukulu monga Nasawa Technical College, ndikupempha kuti mutiganizireko ife amene tili kale m'magalaja, potikonzera maphunziro aafupi a Loweruka: kuwerenga mapu a mawaya, kusankha kukula kwa waya ndi fyuzi, mabatire a lithium, sola, ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Galimoto zogonamo n'zochepa, ndikudziwa, koma luso lomwelo ndi limene likufunika pa ambulansi, pa galimoto za chipatala choyendayenda, ndi pa sola zimene anthu akuika m'nyumba ku Jali, ku Mayaka ndi ku Thondwe. Maphunzirowo atayamba, ine ndidzabwera ndi anyamata anga onse, ndipo ndine wokonzeka kuwalipirira.

Makaniko,
Chinamwali, Zomba