Kalata ya mankhwala odzutsa interferon

Achimwene,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino. Ndikuyankha funso limene munafunsira munthu wina la mankhwala amene akuti amadzutsa interferon m'thupi, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa musanagule chilichonse cholembedwa kuti chimakweza chitetezo.

Interferon ndi puloteni imene selo limatulutsa likazindikira kuti lalowedwa ndi vairasi. Anaitulukira Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann ku London mu 1957. Yokha sipha vairasi. Imachenjeza maselo oyandikana kuti ayambe kupanga mapuloteni ambirimbiri otsekereza vairasi kuswana, ngati mfuu ya pamudzi fisi akalowa m'khola. Selo limazindikira mdaniyo ndi tizigawo tina timene timamva RNA kapena DNA yachilendo (zinthu zimene zimasunga malangizo a chibadwa cha vairasi), monga TLR3, TLR7, TLR9 ndi STING. Mankhwala amene mukufunsawa amanamiza tizigawo timeneti, thupi n'kutulutsa interferon yakeyake ngakhale kulibe vairasi watsopano.

Amene mungakumane nawo kwenikweni ndi imiquimod, mafuta opaka pakhungu amene amagwira pa TLR7. Anavomerezedwa ku America mu 1997 pochiza njerewere za kumaliseche, ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina la Aldara. Amabwera m'timapaketi ta 250 mg, mphamvu yake 5%. Pa njerewere amapaka katatu pa sabata, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, pokagona. Wodwala asambe m'manja, apake pang'ono pa njerewere penipenipo mpaka mafutawo alowe, asiye kwa maola 6 mpaka 10, m'mawa atsuke ndi madzi ndi sopo wosaluma. Apitirize mpaka njerewere zithe, koma asapitirire masabata 16. Asamange pamalopo ndi pulasitala wotsekeratu mpweya, ndipo kapaketi kotsegulidwa atayiretu.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Pamalo opakidwa pamafiira, pamayabwa, nthawi zina pamasupuka n'kuchita nkhanambo. Wina akaona zimenezi amasiyiratu poganiza kuti mankhwala amukana, chonsecho kufiirako n'chizindikiro choti chitetezo chafika pamalopo. Wina amapaka mochuluka tsiku lililonse kuti achire msanga, mapeto ake chilonda. Pakapweteka kwambiri apume masiku angapo, khungu likakhazikika ayambirenso. Ena amamva kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi ngati chimfine. Ndi interferon yomweyo ikuyendayenda m'magazi. Mafutawa amafooketsa kondomu, choncho asagonane akadali pakhungu. Sapakidwa mkati mwa njira ya abambo, njira ya mkodzo kapena kotulukira chimbudzi. Mwamuna wosadulidwa azikokera khungu la kunsonga kumbuyo n'kutsuka tsiku ndi tsiku, chifukwa likatupa limatha kuthina mpaka kukanika kubwerera. Pakhungu lakuda pamatha kutsala banga loyererako kapena lodera losachoka, ndipo n'kulakwa kumpatsa munthu mankhwalawa osamuuza zimenezi. Amene chitetezo chawo chatsika kwambiri sapindula nawo mofanana ndi ena, poti mankhwalawa amadalira chitetezo chomwecho. Mayi woyembekezera asapake asanaonane ndi dokotala.

Imiquimod amagwiranso ntchito pa timabala tokhakhala toyamba ndi dzuwa timene timatha kusanduka khansa, komanso pa khansa ina ya pamwamba pa khungu; pa khansayi amapaka kasanu pa sabata kwa masabata 6. Timabala timeneti timavutitsa kwambiri abale athu achialubino. Koma chotupa chikakula, chikalimba kapena chikayamba kutuluka magazi, mafuta sathandiza. Pafunika kuyeza kanyama ndi kuchidula.

Pa katemera nzeru ndi yomweyo. Katemera wa hepatitis B (matenda a chiwindi) wotchedwa Heplisav-B, wovomerezedwa ku America mu 2017, ali ndi CpG 1018, kachidutswa ka DNA kopangidwa m'labotale kamene kamadzutsa TLR9. Amabaya kawiri, motalikirana ndi mwezi umodzi, pamene katemera wakale amabaya katatu pa miyezi 6.

Mankhwala ena ambiri odzutsa interferon akadali pa kafukufuku, ndipo mbiri yawo ndi yogwetsa mphwayi. Poly I:C, RNA yopanga yodzutsa TLR3, anaidziwa mu 1967, koma m'magazi a munthu imaphwanyika msanga, n'chifukwa chake anaisakaniza ndi zina n'kupanga poly-ICLC. Ina, yotchedwa DMXAA, inkasungunula zotupa za khansa mu mbewa, koma itayesedwa pa odwala khansa ya m'mapapo sinathandize. Mu 2013 zinadziwika kuti imadzutsa STING ya mbewa, osati ya munthu. Mukamawerenga kuti chakuti chinakweza interferon, funsani kaye ngati anayesa pa munthu, pa mbewa kapena pa maselo a m'mbale.

Chimene ndikufunitsitsa mumvetse ndi nthawi ndi mlingo wake. Interferon imathandiza poyambirira, vairasi asanafalikire. Pa COVID-19, kafukufuku wa Solidarity wa WHO anapeza kuti interferon beta siinapulumutse odwala amene anali atagonekedwa kale m'chipatala. Koma kafukufuku wa TOGETHER, wofalitsidwa mu 2023, anaonetsa kuti jakisoni mmodzi wa peginterferon lambda (mtundu wina wa interferon) woperekedwa m'masiku oyambirira anachepetsa pafupifupi ndi theka chiwerengero cha ofunika chisamaliro cha kuchipatala. Interferon ikachuluka kwa nthawi yaitali imawononga: odwala lupus (matenda amene chitetezo chimalimbana ndi thupi lake lomwe) ambiri ali nayo yochuluka kale, ndipo amene ankabayidwa nayo pochiza hepatitis C ankavutika ndi kufooka, kuchepa kwa maselo a magazi, matenda a chithokomiro ndi kukhumudwa. Akatswiri akafuna kuyambitsa zonga psoriasis (matenda a zigamba zokhakhala pakhungu) pa mbewa amazipaka imiquimod yemweyu.

Choncho ngati amene mukumufunsirayo ali ndi psoriasis, lupus, kapena anamuika impso ya munthu wina, amuuze dokotala zimenezi asanalembedwe mankhwalawa. Ndipo ngati ndi njerewere, ayezetsenso HIV ndi chindoko, chifukwa zotupa zina za chindoko zimafanana nazo ndipo zimafuna jakisoni wa penisilini.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mbale wanu.